Wophunzira Wanga wa Lachinayi

1

Dzina langa ndine Milagros, ndimaphunzitsa piyano mumzinda wa Iloilo. Ndaphunzitsapo tiana toti miyendo siifika pansi tikakhala pampando, amayi apabanja, masisitere, ngakhale wapolisi wina wa zala zonenepa ngati nthochi. Onsewo ndinawapirira. Koma amene anandiphera ukwati ndi bambo wina wachikulire, waulemu, wosamwa mowa, amene ankabwera Lachinayi lililonse masana. Mpaka lero ndikaganiza mtima umachita kuwira.

Bambo anga anamwalira ukwati wanga ndi Rodel utatsala pang'ono. Mukudziwa inu, munthu sumanga ukwati chaka cha maliro chisanathe, umaitana tsoka. Ndiye tinauimika. Rodel amagwira ntchito m'sitima zapanyanja zonyamula katundu, ndipo anati bola akakwerenso sitima, adzabwere tikavula zakuda. Ine zaka makumi anayi zinali zikundisuzumira kale, koma ndinati palibe kanthu, chaka sichichedwa.

Nanay, amayi angawo, anavala zakuda kuyambira m'khosi mpaka m'mapazi. Misa ya m'mawa sankaijomba. Anthu ankawaloza n'kumati, "Mkazi wamasiye weniweni ndi Consuelo, enawa amangosewera." Ndipo anandiikira lamulo lakuti m'nyumba ya maliro musamveke piyano. Ana onse ndinkawalondola kumakwawo, tsiku lonse kukwera ndi kutsika majipini, maminibasi a kwathu kuno, thukuta lili kamukamu.

Tsiku lina tikudya mpunga ndi nsomba zouma, Nanay anati, "Kuli bambo wina akufuna kuphunzira piyano, koma kwawo alibe. Azibwera kuno."

"Kuno? Nanay, si inu munati m'nyumba muno musamveke nyimbo?"

"Uzitseka mawindo ndi chitseko, anthu asamve. Ndi munthu wamkulu, angachitenso manyazi akamalakwitsa."

"Mwawadziwira kuti?"

"Kutchalitchi. Idya nsomba yako, Inday, mafunso achuluka." Inday ndi mmene akuluakulu amaitanira mwana wamkazi kwathu kuno.

2

Anabwera Lachinayi lotsatira. Anali Manong Ponciano (Manong ndi mmene timaitanira bambo wamkulu mwaulemu), bambo wamasiye, amene anakhala zaka zambiri ku Manila n'kubwerera kwawo atapuma ntchito. Imvi zopesa bwino, shati yosita, nsapato zowala. Pageti anandipatsa kaphukusi ndi manja awiri, msewu wonse ukuona.

"Za aphunzitsi," anatero.

Unali mpunga womata wokulunga m'masamba a nthochi. Ine mpunga womata sindidya, umanditsekereza pakhosi. Ndinaupereka kwa Nanay, ndipo sabata iliyonse zinkatero.

Abale, pa ophunzira onse amene ndinakumana nawo, uyu ndiye anandikalambitsa.

"Manong, chala chachikulu pa kiyi iyi. Iyi! Osati iyo."

"Pepani Inday, ndi ukalamba."

"Tiyeni tiwerenge limodzi. Dzanja lamanja lokha."

Iwo n'kukweza lamanzere, akumwetulira. Kanyimbo koti mwana wa sukulu yamkaka amakamaliza pa masabata awiri, ife tinali nako miyezi. Lero akakhoza mzere woyamba, sabata yamawa auiwala, tiyambirenso. M'chipindamo mawindo ali otseka, kutentha kosaneneka, mutu ukundiwawa, iwo phee pampando ngati ali m'tchalitchi. Chokhacho chimene ndinkawayamikira n'chakuti ankakhala mowongoka, zikhadabo zowenga bwino. Nthawi zina phazi lawo linkapita lokha pa chopondera cha pansi pa piyano, ine n'kuwakalipira kuti zimenezo sitinafike.

Nanay ankakhala kukhitchini, kuseri kwa katani, kolona ili m'manja. Phunziro likatha ankabweretsa khofi, ine n'kupita kukasamba kumaso kuti mtima utsike.

"Nanay, munthu uyu ndi mwala," ndinatero tsiku lina atachoka. "Ndikuwasiya. Akawete nkhuku."

"Bambo ako sanalere mwana wothamangitsa okalamba. Upirire."

Ndinapirira. Kupusa kwanga kunayambira pamenepo.

3

Woyamba kundilasa anali Pacita, mayi wa kagolosale ka pakona, amene pakamwa pake sipapuma ngakhale Lachisanu Loyera. Ndinapita kukagula shuga.

"Aphunzitsi! Lero Lachinayi eti? Ndaonera lipisitikiyo."

"Sindinadzole kanthu, Manang Pacita. Ndipatseni shuga."

"Iii, musapse mtima. Ife timangodabwa. Kutentha konseku, mawindo gwa, chitseko gwa. Nyimbo yake osaimva. Phunziro lake liyenera kukhala lokoma."

"Nanay amakhalapo nthawi zonse."

Pacita anaseka mpaka kugwira kauntala. "A Consuelo? Andiuza okha, pakamwa pawo, kuti nthawi imeneyo amakhala kuchipinda cham'mwamba akupempherera malemu. Akuti zapansi sadziwa kanthu."

Ndinabwerera kunyumba shuga ndamuiwala. Nanay anati Pacita ndi wabodza, anamva molakwika, ndisamale za anthu. Koma nkhani inali itawanda kale. Mayi wina anandiuza kuti mwana wake wayamba kusambira, piyano aisiya kaye. Wina anati mwamuna wake sakufuna alendo pakhomo. Ndikamadutsa, anyamata a njinga zamoto ankayimba mluzu n'kumati, "Aphunzitsi, nafenso tiphunzitseni!"

Kenako Rodel anaimba foni ali padoko lina lakutali.

"Mila, amayi akuti kwanuko kukumabwera mwamuna."

"Ndi gogo, Rodel! Wophunzira. Sadziwa ngakhale kusiyanitsa dzanja lamanja ndi lamanzere."

"Gogo wonyamula mphatso sabata iliyonse? Mvera, ine sindikufuna mkangano. Musiye. Ukamusiya nkhani yatha."

Ndinawauza Nanay kuti basi, Manong asapondenso pakhomo pano. Anagwira pachifuwa, misozi chuchuchu. Anati ndikawathamangitsa tsopano anthu anena kuti zinali zoona, wagwidwa ndiye wasiya. Anati munthu wosalakwa sathawa. Zinamveka zanzeru, ndipo ndinawamveranso.

4

Kutatsala masabata ochepa kuti tivule zakuda, mayi Salvacion, amayi ake a Rodel, anandiitanitsa. Linali Lachinayi. Ndinanyamuka m'mamawa, nditawauza Nanay kuti Manong akabwera awabweze, lero kulibe phunziro.

Mayi Salvacion sanandipatse ngakhale madzi akumwa.

"Mwana wanga akugona pamadzi, akusanza ndi mafunde, kuti iwe udzakhale m'nyumba yabwino," anatero. "Iwe uli kalikiliki kutseka mawindo."

"Mayi, palibe chimene ndalakwa."

"Tidzaona. Tsiku lovula zakuda ndidzabwera ndekha. Bamboyo adzakhalepo, ndidzamuone ndi maso angawa. Ndikadzachoka kumeneko ndidzamuuza Rodel ngati ukwati ulipo kapena ayi."

Ndinabwerera masana, dzuwa lili pamutu, m'maso muli misozi. Nditayandikira geti ndinamva nyimbo. Mawindo anali otseka monga mwa Lachinayi lililonse, koma inkatuluka ndithu chapansipansi. Ndinati kapena ndi wailesi. Koma piyano yanga ndimaidziwa, ili ndi kiyi ina yam'mwamba imene imalira mokhosomola, ndipo ndinaimva.

Ndinazungulira, n'kulowera kukhitchini, n'kukankha katani.

Manong Ponciano, yemwe uja wosadziwa dzanja lamanja, anali akuyimba ndi manja onse awiri, maso ali otseka, zala zikuthamanga kuchoka kumapeto kukafika kumapeto. Ine amene ndinapita kukoleji ya nyimbo sindingayimbe choncho. Ndipo pambali pawo panaima Nanay, m'diresi lawo lakuda, dzanja lili paphewa la bamboyo, akuyimba nyimbo yachikondi ndi mawu amene sindinawamvepo chibadwire.

Chikwama changa chinagwa pansi. Nyimbo inadukira pomwepo.

"Ndiye phunziro lake ndi limeneli?" ndinakuwa. "Miyezi yonseyi ndakhala ndikung'amba pakhosi, inu mukundiseka?"

"Inday, khala pansi," anatero Nanay.

"Sindikhala! Manong, mulibe manyazi? Munthu wamkulu ngati inu?"

Bamboyo anaweramitsa mutu. "Ndinalakwa, Inday. Ndinkaopa kuti ndikakhoza mundimaliza maphunziro, ndisowa cholowera pageti."

Nanay ndiwo anafotokoza. Ali mtsikana ankayimba kwaya, ndipo Ponciano ndiye ankayimba limba la kutchalitchi. Anakondana. Koma makolo awo anati woyimba limba sangadyetse banja, n'kuwapereka kwa bambo anga. Ponciano anathawira ku Manila. Atamva za maliro anabwera. Mkazi wovala zakuda sangalandire mwamuna pakhomo, koma wophunzira piyano angalowe masana anthu akuona. Mpunga womata uja sunali wanga. Kolona ija kuseri kwa katani inali yongogwira, iwo ankangofuna kumva mawu a bamboyo ndi kumwa naye khofi ine ndikakasamba kumaso.

"Ndiye munamuuzadi Pacita kuti mumakhala m'mwamba?"

Nanay anayang'ana pansi.

"Nanay, ophunzira andithawa. Mayi Salvacion akufuna kuthetsa ukwati wanga. Mwandisandutsa chishango chanu!"

"Consuelo, tiwauze anthu lero lomwe," anatero Manong. "Mwanayu wavutika mokwanira."

"Ndili m'zakuda? Alongo ake a malemu andidya wamoyo. Kutchalitchi ndikalowa bwanji?" Nanay anandigwira manja onse awiri. "Inday, kwatsala pang'ono. Tsiku lovula zakuda ndidzaimirira ndekha, ndidzanena zonse pamaso pa mayi Salvacion. Ndalumbira. Koma ukanena iwe tsopano, ukandiike pafupi ndi bambo ako."

Mukanakhala inu mukanatani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinamuuza Rodel kuti adekhe, paphwando zonse zidziwika.

5

Tsikulo linafika. Titachoka ku Misa, Nanay anavula zakuda n'kuvala diresi lachikasu, azimayi akuwaombera m'manja. Nyumba inadzaza. Panali nkhumba yowotcha, pansiti wathu wonga supageti, mango, ana akuthamangathamanga. Azakhali anga, alongo ake a bambo, anakhala pamipando yabwino akudzikupiza. Pacita analipo, wosaitanidwa. Manong Ponciano anakhala pakona, chipewa chili pamaondo. Mayi Salvacion anakhala moyang'anizana nawo, chikwama chili pamiyendo, mbale yawo osaikhudza.

Ndinawapeza Nanay kukhitchini. "Nthawi ndi ino."

"Anthu adye kaye."

Anthu anadya. Ndinapitanso.

"Azakhali ako akadalipo. Achoke kaye."

"Nanay, azakhali sachoka mpaka nkhumba ithe! Munalumbira."

"Usandikakamize, Inday, mtima wanga ukuthamanga."

Nditabwerera pabalaza ndinaona mayi Salvacion akuimirira, akukonza chikwama paphewa. Ukwati wanga unali ukutuluka pakhomo ndikuona. Magazi anandikwera kumutu. Ndinati ngati Nanay sakufuna kutsegula pakamwa, ndiwakankhira pakona poti sangathawe. Ndinatsegula mawindo onse, n'kuvundukula piyano.

"Abale, chaka cha maliro chatha, nyimbo zabwerera m'nyumba muno. Wophunzira wanga atiyimbire." Ndinaweramira kukhutu kwa Manong. "Muyimbe zenizeni. Mukanamiziranso ndikulavulirani pamaso pa anthu."

Anayang'ana kukhitchini. Nanay anali pakhomo, maso ali pa mbale zimene ananyamula. Bamboyo anapuma mozama, n'kukhala pampando, n'kuyimba.

Ha! Anayimba mpaka ana anasiya kuthamanga. Azakhali anasiya kudzikupiza. Ine mumtima ndinkati eya, tsopano aliyense aona kuti munthuyu sankafuna maphunziro, afunsa, ndipo Nanay ayankha. Sindinaganize n'komwe kuti funsolo ligwera ndani.

Nyimbo inatha. Kenako Pacita anaomba m'manja kamodzi.

"Aaa! Ndiye munthu wodziwa chonchi ankadzaphunzira chiyani kwa Milagros, mawindo ali otseka?"

Wina anaseka, kenako nyumba yonse. Maso onse anatembenukira kwa ine. Mbuna ndinakumba ndekha, n'kugweramo ndekha.

Manong anaimirira, nkhope itafiira. "Abale, musamunamizire mwanayu. Ine ndinkabwera kuno chifukwa cha..."

"Zikomo Manong, mwayimba bwino," anatero Nanay mokweza, akumwetulira. "Mwana wangayu ndi mphunzitsi wabwino kwambiri. Ndani akufuna khofi?"

Anawayang'ana bamboyo m'maso n'kupukusa mutu pang'ono. Manong anakhala pansi. Munthu anadikira mkazi moyo wake wonse, akanamukanira lero?

"Ndaona ndi maso anga," anatero mayi Salvacion, akulowera kukhomo.

Apo ndiye ndinaphulika. "Ankabwerera Nanay! Mukumva? Chibwenzi chawo ndi Nanay, osati ine! Afunseni!"

Azakhali anga aakulu anadzuka ngati alumidwa ndi chinkhanira. "Mwana wopanda manyazi iwe! Amayi ako avala zakuda chaka chathunthu, sanajombe Misa, ndipo iwe ukufuna kuwapaka matope ako tsiku ngati lino? Bambo ako akanakhala moyo!"

Ndinayang'ana Nanay. Anali akuthira khofi m'makapu, ndipo sanadzutse mutu.

6

Rodel anatsika sitima mwezi wotsatira. Kwathu sanabwere, tinakumana m'kalesitilanti kena pafupi ndi doko. Ndinamufotokozera zonse kuyambira pa mpunga womata. Anamvetsera akuzunguliza supuni m'kapu.

"Mwina ukunena zoona, Mila. Ndikufuna zikhale zoona. Koma amayi anga anaona zina, tauni yonse ikunena zina. Bamboyo anapita kwathu kukafotokoza, amayi anamuthira madzi pageti, akuti wakuba sachitira umboni mnzake. Amayi ako okha ndiwo angathetse nkhaniyi. Abwere, akhale pansi ndi amayi anga, anene ndi pakamwa pawo. Akatero tikwatirana mwezi uno."

Ndinathamangira kunyumba. Ndinagwada, ine mayi wamkulu, pasimenti ya kukhitchini.

"Nanay, mawu awiri okha. Tikwere jipini limodzi, ndikakuperekezani mpaka pakhomo."

"Mawa, Inday. Lero mutu ukundiwawa."

Mawa lake kunali msonkhano wa amayi a mpingo. Mkuja kunagwa mvula. Tsiku lina anavala ndithu, tinafika mpaka pokwerera, jipini itaima anati aiwala mankhwala, n'kubwerera. Ndinawapeza atakhala pabedi, nsapato atavula.

"Salvacion akauza tauni yonse," anatero. "Adzati ndinayamba bambo ako ali moyo. Sindingathe."

Tchuthi cha Rodel chinatha. Mphete ndinamubwezera ndekha padoko, chifukwa ndinaona kuti akusowa poyambira kuipempha. Analira, inenso ndinalira, sitima inapita.

Papita miyezi tsopano. Ndinasamuka, ndikukhala m'kachipinda kalendi kutsidya kwa mtsinje, kumene anthu sandidziwa, ndipo ndapezako tiana towerengeka tophunzitsa. Posachedwapa kutchalitchi analengeza ukwati wa Consuelo ndi Ponciano. Ndinati chabwino, mochedwa momwemo, koma choonadi chatuluka, dzina langa liyera. Ndinapita dala kukagolosale ka Pacita, mutu uli m'mwamba.

"Wamva?" anatero Pacita. "Koma amayi ako ndi mayi weniweni, iwe. Kulolera kukwatiwa ndi gogo ameneyo kuti aphimbe manyazi ako! Uziwathokoza tsiku lililonse."

Ndinaseka, abale, chifukwa ndikanapanda kuseka ndikanamugenda ndi botolo.

Dzulo Nanay anabwera kukachipinda kanga, atanyamula mango. Anayang'ana denga lodontha, kabedi, piyano yopanikizika pakona. Kenako anati, "Inday, ndikufuna udzatiyimbire paukwati. Palibe wina amene ndikufuna."

"Nanay, mukudziwa chimene munandichita?"

Ndinkayembekeza kuti anena pepani, ndipo mwina ndikanawakumbatira.

"Ine ndinadikira moyo wanga wonse, mwana wanga," anatero. "Iwe unangodikira chaka chimodzi. Udzapeza wina."

Ndinawatsegulira chitseko. "Mkwati wanuyo ndi katswiri," ndinatero. "Adzadziyimbire yekha."

7

Inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikudziwa ena mukuti ndinali wopusa, ndikanaulula tsiku lomwe ndinawapeza. Mukunena zoona. Ena mukuti ndinalakwa kukuwa paphwando. Mwinanso. Ine chimene ndaphunzira n'chakuti dzina lako si ambulera yobwereketsa, ngakhale wobwerekayo akhale amene anakuyamwitsa. Wina akakupemphani kuti musenze manyazi ake kwa masabata ochepa chabe, mufunseni kuti tsiku lotula likadzafika mphamvu zimene alibe lero adzazitenga kuti.

Sindidana ndi chikondi chawo. Anawalanda chikondicho ali achinyamata, ndipo ndikanawavinira paukwati kuposa aliyense akanangondiuza poyamba. Chimene chikundidya n'chakuti anaima poti mawu amodzi okha akanandipulumutsa, iwo n'kufunsa anthu ngati akufuna khofi.

Ukwati wawo uliko Loweruka likudzali. Mudzati ndipite, amayi ndi amayi. Ndikudziwa kuti ndi amayi anga. Akanakhala munthu wapadera bwenzi nditaiwala kalekale.